Muyezo Umodzi pa Tebulo Lokonzera Mawailesi: Ntchito Yatsopano ya Kabokosi Kogawa Vidiyo

Pa Liwonde, pa Ntaja, pa Nsanama, pa Ulongwe ndi m'tauni ya Balaka muli mabanja amene ndalama ya ndiwo ndi sopo amaipeza pa tebulo lokonzera mawailesi, ma TV, mainveta ndi zokuzira mawu. Ambiri anayamba ndi malitimita imodzi ndi chowotcherera basi. Amene ntchito yawayendera bwino awonjezapo zoyezera zina, zogula kwa anzawo kapena zobwera ndi achibale ochokera ku Joni, monga frequency counter, jenereta ya siginolo, mwinanso oscilloscope. Kabuku kano nka mabanja otere, ndipo mfundo yake ndi imodzi. Zoyezera zikafika ziwiri kapena kuposapo, zonse zizitenga muyezo wa frequency pamalo amodzi, ndipo chida chogawira muyezowo simufunika kuchiitanitsa kunja ndi ndalama zambiri. Kabokosi kakale kamene kankagawa chithunzi cha vidiyo ku ma TV angapo, kamene ambiri anakaponya m'katoni ya zotha ntchito, kamatha kuigwira ntchitoyi ngati mwakasankha bwino ndi kukayesa musanakadalire.

Chifukwa chake zoyezera zimatsutsana

M'kati mwa counter iliyonse ndi majenereta ambiri muli kachidutswa ka crystal kamene kamanjenjemera pa liwiro lokhazikika, nthawi zambiri maulendo 10 miliyoni pa sekondi, kumene timalemba kuti 10 MHz. Chilichonse chimene chipangizocho chimakuuzani chimachokera pa kuwerenga kunjenjemerako. Vuto nlakuti palibe ma crystal awiri amene amayenda mofanana ndendende. Crystal wamba imatha kuphonya ndi magawo 10 pa miliyoni, ina kuposa pamenepo, ndipo imasuntha ikamakalamba komanso kukatentha. Aliyense amene anakhalapo m'shopu ya malata ku Balaka kapena ku Liwonde mwezi wa Okutobala akudziwa kusiyana kwa m'mawa ndi masana, ndipo crystal imakumva kusiyanako. Magawo 10 pa miliyoni akuoneka ngati nkhani yochepa. Pa wotchi ya pamkono, imene crystal yake imayenda pa 32,768 Hz, kuphonya kotere sikukwana ngakhale sekondi imodzi pa tsiku, ndipo palibe amadandaula. Koma pa 100 MHz, pakati pa mawailesi a FM, ndi 1,000 Hz. Pa 150 MHz, dera la mawailesi olankhulirana amene alonda ndi ogwira ntchito kutchire amanyamula, ndi 1,500 Hz, pamene matchanelo ake ambiri amatalikirana ndi 12,500 Hz yokha. Counter yanu ikaphonyera kumwamba ndipo jenereta ikaphonyera kumunsi, kusiyana kwawo kwafika 3,000 Hz, ndipo inu muli pakati osadziwa wonama ndani.

Alimi a thonje ku Balaka ndi a nandolo ku Machinga amaidziwa nkhaniyi mwanjira yawo. Masikelo awiri akapereka makilogalamu osiyana pa thumba limodzi, mkanganowo sutha ndi kukweza mawu, umatha pakabwera mwala woyezera umene onse auvomereza, ndipo nchifukwa chake dziko lili ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards kuyambira 1972. Pa tebulo lanu, mwalawo ndi siginolo imodzi ya 10 MHz. Tembenuzani counter kapena jenereta yanu muone kumbuyo. Zambiri zili ndi polowetsa chingwe polembedwa REF IN, EXT REF kapena 10 MHz IN. Mukalowetsapo siginolo yochokera kunja, chipangizocho chimasiya kumvera crystal yake nkuyamba kutsata ya kunjayo. Zipangizo zitatu zikamatsata siginolo imodzi, sizingatsutsanenso pa nkhani ya frequency.

Gwero labwino la siginoloyi masiku ano ndi GPS. Kuyambira 1967 dziko lonse linagwirizana kuti sekondi imodzi ndi kunjenjemera 9,192,631,770 kwa atomu ya caesium, ndipo masetilaiti a GPS, amene amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, amanyamula mawotchi a atomu. Pali kabokosi kotchedwa GPSDO kamene kamamvera masetilaitiwo nkumawongola crystal yake mosalekeza, kenaka nkutulutsa 10 MHz yolondola kuposa chilichonse chimene ntchito yokonza mawailesi ingafune. Siginolo ya GPS imafika ku Nayuchi chimodzimodzi mmene imafikira ku London, ndipo salipiritsa. Chovuta nchakuti ma GPSDO ambiri otsika mtengo ali ndi potulukira pamodzi kapena pawiri pokha, pomwe zoyezera zanu zingakhale zinayi. Funso la kagawidwe layambira pamenepo.

Kulumikiza mawaya pamodzi sikugawa

Munthu woyamba kumene amaganiza zopotokola mawaya pamodzi kapena kulumikiza timfundo ta T totsatizana. Pa zipangizo ziwiri zoyandikana nthawi zina zimatheka, koma masamu ake sakomera njirayi. Gwero linapangidwa kuti lizidyetsa katundu wa 50 ohm. Zipangizo zitatu za 50 ohm zikalumikizidwa pamodzi zimasanduka katundu wosakwana 17 ohm, ndipo siginolo imatsika kufika theka la mmene imayenera kukhalira. Chipangizo chimodzi chikazimitsidwa kapena chingwe chake chikagunditsana mawaya, zonse zimakhudzidwa. Choopsa kwambiri nchakuti zoyezera zina zikaona siginolo yafooka zimabwerera mwakachetechete ku crystal yawo, inu nkumapitiriza ntchito mukuganiza kuti zikutsatabe GPS. Kachipangizo kogawa siginolo ya dishi, kolembedwa 5–2400 MHz, nkabwinoko chifukwa 10 MHz imadutsamo, koma kalibe magetsi okweza siginolo, choncho nthambi iliyonse ya kogawa pawiri imalandira mphamvu yosakwana theka. Chofunika ndi ampulifaya imene imalandira siginolo pakhomo limodzi nkuitulutsa yathunthu pamakomo angapo, khomo lililonse ndi rezisita yakeyake.

Kabokosi kogawa vidiyo kanapangidwira zimenezi. Television Malawi itayamba kuulutsa mu 1999, ndiponso malo oonetsera mavidiyo atachuluka m'misika yathu, panali timabokosi totenga chithunzi kuchokera ku deki imodzi ya kaseti kapena ya DVD nkuchipereka ku ma TV anayi kapena asanu ndi atatu. Timabokosi timeneti tinalinso m'masitolo ogulitsa ma TV, m'maholo, m'nyumba zopemphereramo ndi m'malo okhala ndi makamera achitetezo. Kenaka kanema anasamukira ku digito, mayiko a chigawo chathu atapangana kudzera ku bungwe la ITU kuti tsiku lomaliza likhale 17 Juni 2015. Kunabwera madikoda a Kiliye Kiliye, ma TV opyapyala ndi zingwe za HDMI, ndipo timabokosi takale tija tinatha ntchito, kuno ndi kunja komwe. Koma taonani zimene tinapangidwira. Chithunzi cha PAL ndi siginolo ya 1 volt kuchokera pansonga kufika pansi, imafika mpaka pafupifupi 5 MHz, ndipo mitundu yake imakwera pa kasiginolo ka 4.43 MHz kamene kakangosokonezeka pang'ono nkhope za anthu zimasintha mtundu. Pofuna kuti chithunzi chisaonongeke, opanga ankaikamo ampulifaya yotha kupitirira 5 MHz ndi patali. Muyezo wathu ndi wa 10 MHz, ndipo zoyezera zambiri zimakhutira ndi siginolo ya pafupifupi 1 volt. Zofuna za ntchito ziwirizi zinangokumana mwamwayi, ndipo akatswiri a wailesi m'mayiko ambiri akhala akugwiritsa ntchito mwayiwu, makamaka ndi timabokosi ta makampani monga Extron.

Kusankha kabokosi koyenera

Si kalikonse kokhala ndi mabowo ambiri kamene kangathandize, ndipo apa mpamene ndalama zimatayikira. Kogawa HDMI nkadigito, sikangadutsitse siginolo yathu. Busita ya eriyo ya TV imayambira pafupifupi pa 47 MHz kupita mmwamba, choncho 10 MHz ili kunsi kwa dera lake. Pa kabokosi ka mabowo a RCA, oyera ndi ofiira ndi a mawu ndipo alibe ntchito pano, bowo lachikasu ndilo la chithunzi. Tabwino koposa ndi timabokosi ta mitundu itatu: tija ta mabowo obiriwira, abuluu ndi ofiira, tija ta BNC tolembedwa R, G, B, ndi togawa VGA ta makompyuta. Timeneti tili ndi maampulifaya atatu osiyana, ndipo ambiri amafika kupitirira 100 MHz. Pa pulagi ya VGA, timapini 1, 2 ndi 3 ndiye tonyamula mitundu itatuyo, ndipo siginolo yake ndi 0.7 volt, choncho musaipanikize. Togawa VGA tina timagona tikapanda kuona kompyuta, ndiye tiyeseni musanalipire. Chenjerani ndi timabokosi tokhala ndi mawu akuti clamp kapena DC restore. Timeneti timafunafuna kachizindikiro koyambira mzere wa chithunzi, ndipo tikakasowa timatha kupotoza siginolo. Ngati pali switchi yozimitsira zimenezi, zimitsani. Ngati palibe, funani kabokosi kena. Pa ntchito ino kabokosi kopanda nzeru zambiri ndiye kabwino.

Mukakapeza, tsegulani chivundikiro mutazula pulagi kukhoma ndi kudikira kanthawi. Magetsi a ESCOM ndi 230 volt, ndipo kapasita yaikulu ya mbali yolowera magetsi imatha kusunga mphamvu yopitirira 300 volt ngakhale mutazimitsa. Ana asakhale pafupi pa nthawi imeneyi. Chotsani fumbi, zisa za mphemvu ndi nyerere ndi kaburashi kouma, kenaka yang'anani makapasita. Amene atupa pamutu kapena atuluka zonga dzimbiri m'munsi asinthidwe, chifukwa kutentha kwa zaka zambiri kumawaumitsa, ndipo kapasita youma imalowetsa phokoso la magetsi mu siginolo. Ngati muli ndi mwayi wosankha, tengani kabokosi kogwiritsa ntchito adaputa ya 12 volt, chifukwa kangathe kuyendera batire ya sola. Werengani kaye cholembedwa pa adaputayo, popeza ena amatulutsa AC osati DC, ndipo kabokosi kofuna AC sikayendera batire.

Nkhani ya 75 ohm ndi 50 ohm

Wodziwa za wailesi adzafunsa msanga kuti zida za vidiyo ndi za 75 ohm pamene zoyezera ndi za 50 ohm, ndiye zigwirizana bwanji? Funsoli ndi loona, koma tiyeni tiliyeze kukula kwake. Pamene 75 akumana ndi 50, gawo limodzi mwa magawo asanu a voteji limabwerera m'mbuyo, kutanthauza 4 peresenti ya mphamvu. Funde la 10 MHz ndi lotalika mamita 30 mumlengalenga ndi pafupifupi mamita 20 m'chingwe, pomwe zingwe za pa tebulo lanu ndi za mita imodzi kapena awiri, choncho kubwererako sikupeza mpata wochita zambiri. Ndiponso pali kubwezerana kwina. M'kabokosimo siginolo imakwezedwa kawiri nkudutsa pa rezisita ya 75 ohm. Ikakumana ndi chipangizo cha 50 ohm imatuluka magawo 8 mwa 10 a mmene inalowera. Koma pakhomo lolowera, gwero la 50 ohm likakumana ndi 75 ohm voteji imakwera ndi 20 peresenti. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza kuti chipangizo chanu chikulandira 96 peresenti ya zimene chikanalandira mutachilumikiza ku gwero mwachindunji. Chofunika kwambiri nchakuti kusagwirizana kwa ma ohm kumasintha kukula kwa siginolo, sikusintha frequency yake. Ampulifaya singawonjezere kapena kuchotsa kunjenjemera ngakhale kumodzi pa sekondi.

Amene safuna kusiya zinthu choncho angathe kukonza ndi marezisita otsika mtengo. Rezisita ya 150 ohm ikaikidwa mogundana mbali zonse ziwiri ndi ya 75 ohm, ziwirizo zimapanga 50 ohm ndendende. Tsatani njira ya pabolodi kuchokera pa bowo lolowera ndipo mupeza rezisita ya 75 ohm yopita ku nthaka, yolembedwa 750 kapena 75R0 ngati ndi kakang'ono komata, kapena ya mizere yapepo, yobiriwira ndi yakuda ngati ndi ya miyendo. Wotchererani ya 150 ohm pamwamba pake. Chitani chimodzimodzi pa rezisita ya bowo lililonse lotulukira. Dziwani kuti mukatero ampulifaya iyamba kukoka magetsi ambiri, ndiye ikhudzeni ndi chala itayaka kwa kanthawi. Ikamatentha mosapiririka, chotsani marezisita a potulukira, musiye wa polowera yekha. Kunena zoona, pa tebulo la zoyezera zitatu kusinthaku sikofunika kwenikweni, ndipo bolodi yambiri yaonongeka ndi chowotcherera chachikulu m'manja mwa munthu wofuna kukonza chinthu chosaonongeka. Zingwe nazo musavutike nazo. RG-58 ndiyo ya 50 ohm, koma RG-6 ya dishi, imene imapezeka m'mahadiweya ambiri, igwira ntchito pa mtunda waufupi.

Chimene chimaononga siginolo kawirikawiri ndi kukula kwake. Ma GPSDO ena amatulutsa siginolo ya +13 dBm, imene ndi pafupifupi 2.8 volt kuchokera pansonga kufika pansi, pafupifupi katatu kapena kanayi kuposa zimene kabokosi ka vidiyo kanazolowera. Ampulifaya ikapanikizidwa imadula nsonga za funde, nkuyamba kubala masiginolo ena pa 20, 30 mpaka 90 ndi 100 MHz, ndipo awiri omalizawa amagwera m'dera la FM, pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Mudzadabwa wailesi ya kasitomala ikuliza mluzu pamalo amodzi pomwe ilibe vuto. Mankhwala ake ndi marezisita atatu oikidwa gwero lisanafike ku kabokosi: 100 ohm kuchokera pa waya wapakati kupita ku nthaka, 68 ohm motsatira waya wapakatiyo, kenaka 100 ohm ina kupita ku nthaka. Zimenezi zimatsitsa voteji pafupifupi katatu, 2.8 volt nkukhala pafupifupi 0.9 volt. Miyendo ya marezisita ikhale yaifupi, ndipo muwatsekere m'kachitini kolumikizidwa ku chikopa cha chingwe. Palinso timabolodi ta GPS totsika mtengo kwambiri, monga ta u-blox, timene tingathe kuuzidwa kutulutsa 10 MHz. Wotchi ya m'kati mwake ndi ya 48 MHz, imene sigawika bwino ndi 10, choncho siginolo yake imadumphadumpha ngakhale kuti chiwerengero chake pa nthawi yaitali ncholondola. Counter ingathe kuilandira, koma jenereta ingatulutse siginolo yaphokoso.

Kuyesa

Lumikizani gwero ku kabokosi, ndipo kuchokera ku kabokosi pititsani chingwe chimodzi ku counter, china ku jenereta. Ngati polowera pali mabowo awiri olembedwa LOOP kapena switchi ya 75 ndi HI-Z, ikani pa 75. Uzani zipangizo zonse ziwiri kuti zitsate muyezo wa kunja, ndipo onetsetsani kuti kanyali kapena mawu a EXT aoneka pankhope pake. Ikani jenereta pa 100 MHz nkuilowetsa mu counter. Muyenera kuona 100.000000, nambala yomaliza yokha ikusinthasintha ndi imodzi. Kenaka zulani chingwe cha muyezo ku counter yokha muone mmene manambala athawira. Kusiyana kumeneko ndiye bodza limene mwakhala mukugwira nalo ntchito. Ngati muli ndi oscilloscope, yang'anani funde la potulukira pamodzi uku mukulowetsa ndi kuzula zingwe pa mabowo enawo. Likamagwedezeka kwambiri ndiye kuti mabowo onse akudalira ampulifaya imodzi yofooka, ndipo ndi bwino kugawa zoyezera zanu pa mitundu itatu ija kusiyana ndi kuziunjika pa mtundu umodzi.

Zotsutsa zolemera

Chotsutsa choyamba nchakuti zonsezi nzopitirira muyezo wa ntchito ya pa Ntaja. Kwa munthu wosintha magalasi a mafoni ndi mabowo otchajira, nzoona, ndipo ndalama yake aigwiritse ntchito pogula chowotcherera chabwino. Woyeza ngati inveta ikutulutsa 50 Hz nayenso malitimita imukwanira. Koma dera lino lili ndi ntchito zodalira mawailesi olankhulirana. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde mpaka kumalire pa Nayuchi, nkhalango ya Liwonde National Park ili pomwepa, ndipo m'tauni ya Balaka muli nyumba youlutsira kanema ya Luntha TV ndi mbiri yaitali ya zojambula nyimbo. Wokonza amene angasonyeze kasitomala kuti wailesi yake inaphonya ndi ma hertz akutiakuti ndipo tsopano yabwerera pamalo pake ali ndi chinthu chimene anzake alibe. Kumbukirani kokha kuti kuulutsa mawu pamphepo kumafuna chilolezo cha MACRA, choncho poyesa chipangizo choulutsira chilumikizeni ku katundu wa 50 ohm wosaulutsa, osati ku eriyo.

Chachiwiri chimachokera kwa akatswiri a m'malabotale, amene amati ampulifaya ya vidiyo ili ndi phokoso lochulukirapo, mabowo ake satchingana mokwanira, ndipo nthawi imene siginolo imatenga podutsamo imasintha pang'ono kukatentha. Zonsezi nzoona, ndipo munthu woyerekeza mawotchi a atomu asagwiritse ntchito kabokosi kotere. Koma iwo akulimbana ndi magawo a pa thiriliyoni pamene vuto la pa tebulo lanu ndi magawo a pa miliyoni. Kukana chida chochotsa vuto lalikulu chifukwa chakuti chimasiya kavuto kamene counter yanu singathe nkukaona komwe si nzeru ya ntchito.

Chachitatu ndicho cholemera koposa, ndipo sichitheratu. Zoyezera zonse zikamatsata gwero limodzi, gwerolo likalakwa zonse zimalakwa mogwirizana, ndipo palibe chotsala chokuchenjezani. Kuyesa kuja kwa 100.000000 kumasonyeza kuti counter ndi jenereta zikumvana, sikusonyeza kuti zikunena zoona, chifukwa ngakhale gwero litaphonya ndi 500 Hz manambala adzaonekabe okongola chomwecho. Yankho lake si kubwerera ku ma crystal osiyanasiyana, koma kuliyang'anira gwerolo. Ma GPSDO ambiri ali ndi kanyali kosonyeza kuti agwira masetilaiti, ndipo GPSDO yanu iikidwe pamene kanyaliko kakuonekera mutakhala pampando, osati kuseri kwa mashelefu. Eriyo yake ikhale panja poona thambo lonse, osati pansi pa malata kapena pansi pa mtengo wa mango. Sunganinso chipangizo chimodzi chokhala ndi crystal yabwino, chimene nthawi ndi nthawi muzichisiya chiziyenda pachokha kuti chikhale mboni. Pa oscilloscope ya mizere iwiri, ikani muyezo pa mzere woyamba ndi crystal ya mboniyo pa wachiwiri. Funde lachiwiri lidzaoneka likutsetsereka pang'onopang'ono. Likadutsa funde limodzi lathunthu pa sekondi, kusiyana ndi 1 Hz. Likatenga masekondi 10, ndi gawo limodzi pa 100 miliyoni. Lembani zimenezi m'kope pamodzi ndi tsiku. Crystal imasuntha pang'onopang'ono, ndiye tsiku limene mudzaone kudumpha kwadzidzidzi, kayang'aneni gwero musanakhudze wailesi ya munthu.

Magetsi, mphezi ndi ndalama za banja

Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi ake amayendetsedwa pa Kamuzu Barrage pa Liwonde pomwepa. Mtsinjewu ukavuta, dziko lonse limamva, monga mmene zinakhalira namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. GPSDO sikonda kuzimazima. Ma GPSDO ambiri ali ndi crystal yotenthetsedwa m'kauvuni kakang'ono, ndipo ikazima imafuna nthawi kuti itenthenso ndi kukhazikika. Nchifukwa chake gwero ndi kabokosi kogawa ziziyendera batire ya 12 volt yokhala ndi fyuzi pafupi ndi batireyo, pamene zoyezera zina zingathe kuzima ndi kuyaka ndi ESCOM. Musadyetse ziwirizi kudzera mu inveta yotsika mtengo, chifukwa phokoso lake limalowa paliponse. Zoyezera zonse za pa tebulo zitenge magetsi pa ekisitenshoni imodzi yokhala ndi waya wa nthaka weniweni. Zikopa za zingwe za muyezo zimalumikiza matupi a zipangizo zonse, choncho chimodzi chikamadontha magetsi, mudzachimva pa zonse.

Mphezi ndiyo imafuna mwambo wa banja lonse. Eriyo ya GPS ili padenga, chingwe chake chikulowa mu gwero, gwero likulowa m'kabokosi, ndipo kabokosi kakulowa m'chipangizo chilichonse chamtengo chimene muli nacho. Njira yomwe yabweretsa muyezo ingathenso kubweretsa moto. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mitambo ikayamba kuda cha ku mapiri a Chikala kapena kumadzulo kwa Balaka, chingwe cha eriyo chizulidwe mvula isanayambe nkuikidwa kutali ndi tebulo. Mangani kansalu kofiira pa chingwecho ndipo onetsani amayi a kunyumba, abambo kapena mwana wamkulu amene amatsala pa shopu, kuti azizula ngakhale inu muli kumsika. Mabingu akayamba kale, musachigwirenso. Eriyoyo isakwezedwe pa mlongoti wautali ngati ya TV, chifukwa imangofuna thambo loyera, ndipo pamphepete pa denga mpokwanira.

Pa nkhani ya ndalama, yambani ndi chimene chilipo. Ngati GPSDO simunaipeze, tengani chipangizo chimene chili ndi crystal yabwino koposa pa tebulo lanu, makamaka chokhala ndi bowo la REF OUT, chikhale gwero la zinzake kudzera m'kabokosi ka vidiyo. Simudzakhala ndi muyezo wa dziko lonse, koma zoyezera zanu zidzasiya kutsutsana, ndipo tsiku limene GPSDO idzafike mudzangosintha chingwe chimodzi. Mabanja awiri kapena atatu a pamsika umodzi angathenso kusonkherana GPSDO imodzi, amene ali nayo nkumawongolera ma crystal a anzake pakapita miyezi ingapo. Mukamatuma m'bale wa ku Joni kapena mukamafufuza m'makatoni a zakale ku Limbe ndi ku Zomba, mutumizireni chithunzi cha mabowo amene mukufuna, achikasu, a R, G, B kapena a VGA, ndipo mumuuze kuti asaiwale adaputa yake ya magetsi.